Katundu amene ophunzira amasiya ku Chikanda: tingamupulumutse bwanji asanasonkhedwe moto?

Mayi wa ku Chikanda:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka anzanga okhala mu mzinda wa Zomba ndi madera oyandikana nawo. Ndili ndi nkhani imene yakhala ikundisautsa mumtima kwa nthawi ndithu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiitule pano kuti amene mukudziwa bwino zinthu zoterezi mundiunikire.

Ine ndimakhala ku Chikanda, kumene nyumba zambiri zinasanduka mahositelo a ophunzira a ku University of Malawi, sukulu imene ambirife timaitchulabe kuti Chanco. Sukulu ikangotsekera, makamaka pamene a chaka chomaliza akutsanzika, kuseri kwa mahositelowa kumaunjikana katundu amene ukamuyang'anitsitsa umaona kuti ntchito yake sinathe. Pamakhala zidebe zong'aluka pang'ono pakamwa, mabeseni, matiresi ophwa pakati koma abwinobwino m'mbali, mipando yoguluka mwendo umodzi, mahotipuleti osiya kuyaka, nsapato zomatuka, mabuku, ndi milu ya mapepala olembedwa mbali imodzi yokha. Zina ana amatola n'kukaseweretsa, koma zambiri zimakhala pomwepo mpaka mvula izinyowetse, kenaka eni nyumba amatuma mnyamata kuti azisonkhe moto, ndipo utsi wa siponji ndi mapulasitiki umakuta dera lonse mpaka kulowa m'nyumba zimene muli makanda. Zimene zapulumuka kumoto zimakokoloka ndi madzi, kutseka ngalande, zina n'kukathera mu Likangala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'dera lomweli muli mabanja amene ana awo amagona pa chiguduli, komanso sukulu ikatsegulira kumabwera ophunzira atsopano ochokera m'mabanja osowa amene amakagula zinthu zomwezo kumsika pa mtengo wowawa.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli kachipinda kamene sitikagwiritsa ntchito, ndipo ndikuganiza zoti ndizisonkhanitsa katundu wotereyu, kumuyeretsa, kumukonzetsa kwa amisiri, kenaka wina kumugulitsa motchipa, wina kumupereka kwa amene alibiretu. Koma bambo a kunyumba kwanga sakugwirizana nazo kwenikweni. Iwo akuti ndidzabweretsa nsikidzi pakhomo, ndiponso akuopa kuti tsiku lina wina adzanena kuti ndatenga chinthu chake. Ndiye ndikufuna mundithandize nzeru: ndi zinthu ziti zimene n'zoyenera kuzipulumutsa ndipo ndi ziti zimene ndisazikhudze n'komwe? Nanga ndingayambe bwanji m'njira yoti pasadzakhale kukayikirana ndi ophunzira kapena eni nyumba?

Kalipentala wa ku Chinamwali:

Mayi, ganizo lanu ndi labwino ndipo musabwerere m'mbuyo. Ine ndakulira pa ntchito ya ukalipentala, ndipo masiku ano, chifukwa cha kukwera mtengo kwa matabwa, gawo lalikulu la ntchito imene imafika pa shedi yanga ndi yokonza zakale.

Ndiyambe ndi mipando ndi mabedi. Mipando yambiri imene anthu amati yathyoka imakhala kuti yangogwedera molumikizira chifukwa guluu anauma n'kusiya kugwira. Mpando wotere timaumasula, kupala guluu wakale yense, kupaka watsopano, kuupana mwamphamvu n'kuusiya usiku wonse, ndipo mawa lake umakhala wolimba monga kale. Chimene ndikupemphani n'chakuti musalole munthu kukhomapo misomali mwachisawawa pofuna kufulumira, chifukwa msomali umang'alula thabwa pamalo ofooka kale ndipo pambuyo pake mmisiri sangachitenso kanthu. Musananyamule chinthu chathabwa, chitembenuzeni muone kunsi kwake. Mukaona timabowo ting'onoting'ono totuluka fumbi ngati ufa, dziwani kuti thabwalo lafumbwa mkati, ndipo mukalilowetsa m'nyumba tizilombo take tidzasamukira ku katundu wanu wabwino. Matebulo ndi mashelefu opangidwa ndi matabwa oumba ndi utuchi aja, akangonyowa amatupa n'kuyamba kuyoyoka, choncho musataye nawo mphamvu. Paini wa m'phiri lathuli ndi wopepuka ndipo amakonzeka mosavuta, kungoti chiswe chimamukonda, ndiye asakhale pa dothi.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chuma china chimene chikutayika mu Zomba muno kuposa cha m'mahositelo. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ankakumanabe kuno mpaka 1994, choncho tili ndi nyumba zakale zambiri. Nyumbazi zikamakonzedwa, anthu amagulula zitseko, mafelemu a mawindo ndi matabwa a kudenga n'kuikamo zachitsulo, ndipo zoguludwazo nthawi zambiri zimakathera pa mafuwa. Komatu ena mwa matabwa amenewo ndi a mlombwa, a mbawa, ngakhale a mkungudza, umene lero watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje. Mkungudza umadziwika ndi fungo lake lokoma ukangoupala pang'ono, ndipo chiswe sichiudya. Ine mtima umandipweteka ndikaona chitseko cha mlombwa chikuwazidwa nkhuni, pamene thabwa lotere lero ungalifune msika wonse osalipeza. Mukamva kuti penapake akugumula kapena kukonza nyumba yakale, pitani mukapemphe kugula zoguludwazo asanaziwaze.

Za zidebe ndi mabeseni, mng'alu waung'ono umawotchereka ndi chitsulo chamoto pogwiritsa ntchito kachidutswa ka pulasitiki wa mtundu womwewo, ndipo ndi bwino kuboola kabowo kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire. Chidebe chotere chimathandiza pochapa, pokolopa ndi pothirira. Chimene chakanikiratu, chiboolereni kunsi mudzalemo tomato kapena anyezi. Malata akale ndi zitini zikuluzikulu musataye, popeza amisiri osula amapangira mbaula, ndowa ndi zothiririra mbewu. Machubu ophulika amadulidwa malegeni amene akabaza ndi onyamula makala amamangira katundu, ndipo matayala akutha amapita kwa osoka nsapato. Mahotipuleti ndi maketulo amagetsi kawirikawiri amakhala kuti yapsa ndi nthambo kapena koyilo chabe, koma zimenezi muzipereke kwa wodziwa zamagetsi, musayese nokha.

Pa nkhani ya malipiro, gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo muzibweretsa zinthu zingapo nthawi imodzi, chifukwa pa mipando itatu yowonongeka mmisiri amatha kuphwasula umodzi kuti iwiri ichire. Ngati mtengo wokonzetsera ukuyandikira mtengo wa chatsopano, chisiyeni chikhale chophwasulapo zipangizo. Chomaliza, anthu akadziwa kuti mumalandira zakale, ena adzabwera ndi mawaya a kopa, mamita a madzi ndi zotsekera ngalande zachitsulo. Zimenezo muzikana osayang'ana nkhope, chifukwa a ESCOM ndi a Southern Region Water Board akhala akudandaula za kubedwa kwa zipangizo zotere, ndipo mungadzapezeke m'mavuto pa chinthu chimene simunabe ndinu.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Matawale:

Mayi, ndikugwirizana ndi zambiri zimene bambo a ku Chinamwali alemba, koma ndikufuna ndiime kumbali ya amuna anu pa nkhani ya nsikidzi, chifukwa nkhawa yawo ndi yomveka. Nsikidzi zimatha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi, choncho bedi kapena matiresi amene akhala panja masiku angapo sikuti ayera ayi. Muziyang'ana m'misoko ya nsalu ya matiresi ndi molumikizira matabwa a bedi, ndipo mukaona timadontho takuda kapena timakoko touma, dziwani kuti zilimo. Bedi mulimasule, muthire madzi owira m'malo onse olumikizira, n'kuliyanika padzuwa. Nsalu ya matiresi muivule n'kuiviika m'madzi owira, ndipo siponjiyo muikulunge mu pepala lakuda la pulasitiki n'kuisiya pa dzuwa loswa mtengo ngati la mu Okutobala. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mubwerezenso, popeza mazira amene anapulumuka amakhala ataswa. Zonsezi zichitikire panja, ndipo katundu asalowe m'kachipinda kanu asanayeretsedwe. Matiresi amene anyowa mpaka kuchita nkhungu, kapena amene ali ndi madontho a magazi olowerera mkati, musawatenge n'komwe. Zovala ndi zofunda muzichape ndi madzi otentha n'kuzisita, kuopa mphere, imene imafala msanga pamene anthu akugona mothithikana.

Kumene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ku zigubu ndi mabotolo. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo, kaya a m'munda, a anankafumbwe kapena osambitsira ziweto, sichiyera ngakhale mutachitsuka kangati, chifukwa mankhwalawo amalowerera m'pulasitiki. Ngati simukudziwa chimene chinali m'chigubu, musachipereke kwa munthu kuti azisungiramo madzi akumwa, ndipo chabwino ndi kuchiboola kuti wina asadzachitole. Zigubu zimene munali mafuta ophikira n'zimene zimathandiza mukazitsuka bwino ndi sopo. Mabotolo otola padzala nawonso amandidetsa nkhawa, chifukwa ena amangowatsukuluza n'kuthiramo thobwa kapena madzi ogulitsa. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Botolo limene lagona m'ngalande likhale loikamo sopo wamadzi, parafini kapena mbande, osati chakumwa.

Mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi asidi komanso mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana mwakachetechete, mwana n'kumangolephera m'kalasi popanda wodziwa chifukwa chake. Musawaswe kapena kuwasunga pamene ana amasewera, apite kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale. Batire la foni kapena la kompyuta likatupa limatha kuyaka lokha, ndipo mababu osadya magetsi opiringizika aja ali ndi poizoni wotchedwa mercury mkati mwake, kotero asasweke m'nyumba. Pa za nyumba zakale zimene bambo a ku Chinamwali atchula, ndiwonjezere kuti penti wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, choncho popala zitsekozo mmisiri azitseka mphuno ndi pakamwa, ana ali kutali. Nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi malata a asbestos, otuwa ngati simenti, amene fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo patapita zaka zambiri. Amenewo musawalandire ngakhale aulere.

Inu eni muzivala nsapato zotseka ndi magolovesi okhuthala, chifukwa m'milu yotereyi mumabisala malezala, magalasi osweka ndi misomali yadzimbiri. Mukalasidwa, tsukani balalo ndi sopo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati mukufunika katemera wa kafumbata. Mankhwala otsala amene mungawapeze m'zipinda musapatse munthu aliyense. Ndipo matayala ndi zidebe zimene zikudikira mmisiri muzizivundikira, chifukwa zikasunga madzi a mvula mudzakhala mukuweta udzudzu pakhomo panu.

Wophunzira wa chaka chachinayi:

Mayi, ine ndi mmodzi wa ana anu amene tikukhala m'mahositelo a ku Chikanda komweko, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chimene katunduyu amasiyidwira, popeza anthu ambiri amaganiza kuti ndi kunyada. Ambirife kwathu ndi kutali, ena ku Karonga, ena ku Mzimba, ena ku Nsanje, ndipo ulendo umafuna kukwera galimoto ziwiri kapena zitatu, paliponse kondakitala akulipiritsa katundu payekha. Ukawerengetsa, umapeza kuti kunyamula matiresi ophwa kale n'kodula kuposa mtengo wake. Komanso mayeso akangotha, eni nyumba amafuna chipinda chawo tsiku lomwelo kapena lotsatira. Timayesa kugulitsa pa magulu athu a WhatsApp, koma popeza aliyense amakhala akugulitsa nthawi imodzi pamene ogula palibe, chimene sichinagulidwe chimatsala pakhomo.

Choncho musadikire kuti katundu afike kuseri kwa nyumba. Uthenga wanu ufike kwa ife sabata ya mayeso isanayambe, kudzera mwa wophunzira mmodzi kapena awiri amene angauike pa magulu a WhatsApp, wonena malo anu ndi masiku amene mukulandira katundu. Munthu amene akupanga ndalama ya ulendo adzakondwa kulandira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ena adzangokupatsani ulere. Mukhale ndi kope lolembamo chinthu chilichonse, dzina la wopereka ndi tsiku, iye n'kusainira, ndipo zimenezi zidzathetsa nkhawa ya bambo yoti wina adzakunamizirani. Mafoni ndi malaputopu musalandire, chifukwa ndi zimene zimabedwa kwambiri pakati pathu, ndipo kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu.

Ndikuuzeninso kuti ophunzira amene akubwereranso sukulu ikatsegulira amasowa pamene angasungitse katundu pa tchuthi popanda kulipira lendi ya chipinda chonse. Mutapatula mbali ina ya kachipinda kanu kuti ikhale yosungitsira pa mtengo wochepa, katundu wambiri sangatayidwe n'komwe, ndipo ndalamayo ingamalipire amisiri. Mapepala olembedwa mbali imodzi aja amasokeka bwino kukhala makope a ana a ku pulayimale, kungoti muziyamba mwachotsamo amene ali ndi mayina, manambala a ziphaso kapena zotsatira za mayeso za anthu.

Bambo wa ku Mpondabwino:

Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa cholinga chanu, mayi, koma pali anthu amene palibe wawatchula. Katundu ameneyu ali ndi omudikira kale. Alonda a m'mahositelo, amayi amene amachapira ophunzira ndi kukolopa m'makonde, ndiponso anyamata amene amayenda ndi matumba kutola zitsulo ndi mabotolo, onsewa amadziwa tsiku limene sukulu ikutsekera kuposa ife. Mayi amene wachapa zovala za ophunzira chaka chonse pa malipiro ochepa amayembekezera kuti pomaliza apatsidwa beseni kapena bulangeti. Mukatsatira nzeru ya mwana wathu wophunzirayo, yogula katundu asanatuluke m'chipinda, zabwino zonse zidzabwera kwa inu, ndipo anthu amenewa adzatsala ndi zonyowa ndi zothyokeratu. Mudzakhala mwathandiza osowa ena polanda osowa anzawo.

Ine ndikuona kuti muyambe mwakhala nawo pansi. Iwo ndi amene akudziwa hositelo imene muli nsikidzi, mwini nyumba amene amalola ndi amene salola, komanso kumene zitsulo ndi mabotolo zimagulidwa. Chimene alibe ndi malo osungira ndi ndalama yolipira mmisiri, ndipo zimenezo ndi zimene inu muli nazo. Pa zopereka ulere, ine ndingakonde kuti muziika mtengo ngakhale wochepetsetsa, kupatula kwa okalamba ndi ana amasiye, chifukwa zaulere zimabweretsa manong'onong'o akuti uje wapatsidwa ine ayi, ndipo ntchito yabwino imatha ndi udani wa pa mudzi.

Mayi wa ku Chikanda:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Bambo a ku Mpondabwino, mawu anu ndawamva ndipo ndi oona. Amayi ochapawo ena ndimapemphera nawo, ena timakumana pa mpopi, ndipo ndikambirana nawo ndisanatumize uthenga uliwonse kwa ophunzira, kuti zimene mwini wake walonjeza kale kwa mlonda kapena wochapa zisadutsire kwa ine. Bambo a kunyumba ndawawerengera zimene a zaumoyo alemba, ndipo avomera pokhapokha ngati kuyeretsa konse kuzichitikira panja monga mwanenera. Za kope losainitsa ndi zosungitsa katundu pa tchuthi, mwana wanga, ndazitenga momwemo.

Chatsala ndi chimodzi. Matiresi ambiri amakhala ophwa kwambiri moti munthu sangagonepo ngakhale atayeretsedwa, komatu ndi omwewo amene amatulutsa utsi woipitsitsa akawotchedwa. Kodi siponji yotere ili ndi ntchito ina?

Kalipentala wa ku Chinamwali:

Ili nayo, mayi. Matiresi amaphwa pakati pamene pamagona thupi, koma kumutu, kumiyendo ndi m'mbali siponji imakhala idakali yokhuthala. Mukaiyeretsa monga a zaumoyo afotokozera, muidule ndi mpeni wautali wakuthwa, mbali zabwinozo zikhale makushoni a mipando, timatiresi ta ana, kapena zokhalira za kumbuyo kwa njinga za kabaza, zimene eni ake amasintha pafupipafupi chifukwa zimatha msanga ndi dzuwa ndi mvula. Zidutswa ziwiri zopyapyala zikamatidwa pamodzi ndi guluu wa osoka nsapato zimakwana kushoni imodzi. Pakati pophwapo muduledule tizidutswa ting'onoting'ono tokhala ngati mtedza, tidzakhale toika m'mapilo. Zovindikira mukambirane ndi telala wa pafupi, chifukwa matelala nawonso amakhala ndi matumba a nyenyeswa za zitenje zimene amasowa kozitaya, ndipo akazilumikiza zimatuluka nsalu yokongola. Ife okonza masofa timagulanso siponji yotere ngati ili youma ndi yosanunkha.

Posunga, musaiike pansi kapena kuitsamiritsa kukhoma. Zomba ndi wa chinyontho, kuyambira mvula ya Disembala mpaka Malichi komanso nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julaye, ndipo siponji imayamwa chinyonthocho n'kuchita nkhungu. Mukhome thandala la mitengo lokwera kufika m'chiuno, musiye mpata pakati pa katundu ndi khoma, ndipo kachipindako kakhale ndi kawindo kolowetsa mphepo koma kotchinga ndi waya kuti makoswe asalowe, chifukwa makoswe amakonda kuswerana m'siponji. Denga mulione ngati silikudontha mvula yoyamba isanagwe.